N'chifukwa chiyani chipale chofewa chimagumuka paphiri?

Sabata yatha, ndikuphunzitsa za friction ku Fomu 3, ndinaika buku pathabwa n'kuyamba kukweza mbali imodzi ya thabwalo pang'onopang'ono. Bukulo linangokhala phee mpaka thabwa litapendekeka ndithu, kenako linatsetsereka. Ndinabwereza kachiwiri, koma ulendo uno ndinayamba ndawaza shuga pang'ono pathabwapo. Thabwa lisanafike n'komwe pomwe linafika poyamba paja, buku linali litagwa kale pansi. Mtsikana wina wakumbuyo anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye zimenezi zimatithandiza chiyani pamoyo?" Belu linalira ndisanamuyankhe bwinobwino, ndiye yankho lake ndi nkhani ino.

Thabwa, shuga ndi buku lija ndi chithunzi cha ngozi ina imene imachitika kumapiri a kumaiko ozizira. Kumeneko nyengo yachisanu imakhala kuyambira cha mu December mpaka March, nthawi imene ife kuno tili pamvula. M'malo mwa mvula kumagwa chipale chofewa, ndipo chimaunjikana m'mapiri mpaka kuya mamita angapo. Nthawi zina chipale chimenechi chimagumuka n'kutsika phiri paliwiro loopsa, kukokolola mitengo, nyumba ndi anthu. Pachingerezi chigumukire chimenechi amachitcha avalanche. Kumapiri a Alps ku Ulaya kokha, anthu pafupifupi 100 amafa nacho chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa iwo amakhala amene anapita kukayenda kumapiri akutali, kumene kulibe wokonza njira kapena woyang'anira chipale.

Zimene zinachitika ku Rogers Pass

Loweruka pa 1 February 2003, ophunzira 14 a sukulu ya Strathcona-Tweedsmuir, imene ili kufupi ndi mzinda wa Calgary ku Canada, anali paulendo wa sukulu kumapiri a Selkirk m'chigawo cha British Columbia. Anali a giredi 10, azaka za m'ma 15, ausinkhu wanu ndithu. Pamodzi ndi akuluakulu atatu, ankakwera chigwa cha Connaught Creek kufupi ndi Rogers Pass atavala ski, timatabwa titalititali timene amamanga kumapazi kuti asamatitimire m'chipale. Dzuwa lili pafupi kufika paliwombo, chipale chinagumuka pamwamba pa phiri la Cheops, n'kutsika mpaka m'chigwa momwe ankadutsa. Onse 17 chinawapeza. Anthu awiri odziwa bwino za mapiri amene anali chapafupi anaona zonse ndipo anathamangira kukafukula. Anthu 10 anapulumuka, koma ophunzira 7 anamwalira.

Masiku 12 m'mbuyo mwake, pa 20 January, chigumukire china chinali chitapha anthu 7 ku Durrand Glacier, m'mapiri omwewo. Nyengo yachisanu imeneyo, anthu 29 anafa ndi zigumukire za chipale m'dziko la Canada. Akatswiri atafufuza anapeza kuti vuto lalikulu la chaka chimenecho linayamba kale mu November 2002, pamene mvula inagwa pamwamba pa chipale choyambirira n'kuundana. Kodi mvula ya mu November ingavutitse bwanji anthu mu January ndi February? Kuti timvetse, tiyeni tione kaye mmene chipale chimakhalira mkati mwake.

Chipale chimasanjikizana magawomagawo

Ambirife timadziwa matalala, amene amakhala olimba ngati timiyala. Chipale chofewa n'chosiyana. Chimapangidwa ndi timibulu ta ayezi topyapyala, tanthambinthambi, ndipo pakati pa timibuluto pamakhala mpweya wambiri. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu 1,000, pomwe chipale chongogwa kumene chodzaza bokosi lomwelo chimalemera makilogalamu 50 mpaka 100 basi. Chikakhalitsa n'kutsendereka chimafika makilogalamu 200 mpaka 400.

Chipale sichigwa tsiku limodzi. Lero chagwa kuli bata, sabata yamawa chagwa ndi mphepo, pakati apo kwawala dzuwa kapena kwagwa mvula. Nyengo iliyonse imasiya gawo lakelake, ndipo magawowo amasanjikizana ngati mabuku a pashelefu ogonekedwa. Munthu akakumba dzenje m'chipale amatha kuwerenga mbiri yonse ya nyengo yachisanuyo pakhoma la dzenjelo, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Magawo ena amakhala olimba, timibulu take titagwirana bwino. Ena amakhala ofooka, timibulu take tili tokhatokha.

Kuti chigumukire chachikulu chichitike pamafunika zinthu zitatu, zomwe zija tinali nazo m'kalasi. Pansi pamafunika malo oterera, lija ndi thabwa. Pakati pamafunika gawo lofooka, uja ndi shuga. Pamwamba pamafunika gawo logwirana lokhala ngati chinthu chimodzi, lija ndi buku. Gawo lapamwambali amalitcha silabu, dzina lomwe lija amisiri omanga amatchulira simenti yoyala pansi. Zigumukire za silabu ndi zimene zimapha anthu ambiri, chifukwa chipale cha dera lalikulu chimanyamuka chonse nthawi imodzi, munthu ali pakati pake.

Mmene gawo lofooka limabadwira

Apa ndi pamene fizikisi ya kutentha imalowerapo. Chifukwa cha mpweya uja, chipale chimagwira ntchito ngati bulangete. Nthaka ya pansi pake imakhala pafupifupi pa 0°C ngakhale kunja kukuzizira kufika pa -15°C. Ndiye kuti pansi pa chipale n'pofundirako kuposa pamwamba, ndipo nthunzi ya madzi imayenda kuchoka kofunda kupita kozizira. Imachoka pa kambulu kamodzi n'kukaundana pansi pa kambulu kapamwamba pake, osadutsa n'komwe pokhala madzi.

Chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa kutentha pa mita iliyonse. Tiyeni tiwerengere. Ngati chipale n'chakuya mamita atatu, madigiri 15 aja tiwagawa ndi 3, tipeza 5°C pa mita. Ngati n'chakuya theka la mita, tipeza 30°C pa mita. Akatswiri anapeza kuti malire ali cha pa 10°C pa mita. Kusiyanako kukachepera apa, nthunzi imayenda pang'onopang'ono, timibulu timasanduka tobulungira n'kumamatirana, chipale n'kulimba. Kukapitirira apa, nthunzi imathamanga, timibulu timakula n'kukhala ta ngodyangodya, ndipo sitigwirananso. Ukatapa m'manja timangoyoyoka, moti anthu a kumapiri amangochitcha chipale cha shuga. Mwaona chodabwitsa chake? Chaka chimene chipale chayamba mochepa, kunja kukuzizira kwambiri, ndi chimene chimaika maziko oipa. Chipale chambiri chikadzagwa pambuyo pake chimakhala pamwamba pa shuga.

Njira ina ndi yofanana ndi mame. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, pamwamba pa chipale pamazizira kwambiri kuposa mpweya, ndipo nthunzi ya mumpweyamo imaundana pomwepo n'kupanga tinthenga ta ayezi toimirira. Ngati munaonapo ayezi amene amamera m'mbali mwa filiji, ndi mtundu womwewo. M'mawa tinthengato timanyezimira mokongola zedi, koma chipale china chikagwa pamwamba pake osatithyola, silabu yonse imakhala itatsamira pa tinthenga toimirira.

Njira yachitatu ndi ija ya mu November 2002. Mvula ikagwa pachipale n'kuundana imasiya gawo la ayezi loterera ngati galasi, ndipo m'mphepete mwa gawo lotere mumakonda kumera chipale cha shuga. Chipale cha December ndi January chinakwirira gawo limenelo mozama, koma silinachire. Magawo ofooka a mtundu umenewu amatha kukhala masabata kapena miyezi ali chibisalire. Pamwamba pamaoneka poyera ndi posalala bwino, paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nanga silabu imachokera kuti? Kawirikawiri imaumbidwa ndi mphepo. Mphepo imanyamula chipale mbali imene ikuomba, n'kuphwanya timibulu kukhala ting'onoting'ono, n'kukatiunjika kuseri kwa phiri komwe timatsenderana zolimba. Ngakhale tsiku loti kumwamba kuli mbee, mphepo yokha ikhoza kusenzetsa mtsetse katundu wambiri m'maola ochepa.

Masamu a pamtsetse

Tsopano tengani cholembera. Kulemera kwa silabu ndi mg, ndipo kumaloza pansi molunjika. Pamtsetse wopendekeka madigiri θ, kulemerako timakugawa pawiri. Gawo limene limakokera silabu kumunsi motsatira mtsetse ndi mg sin θ. Gawo limene limaikanikizira kuphiri ndi mg cos θ. Mtsetse ukamakula, sin θ imakwera pomwe cos θ imatsika, kutanthauza kuti chokoka chikuchuluka pomwe chokanikiza chikuchepa. Pa madigiri 30, sin θ ndi 0.5, ndiye kuti theka la kulemera konse likukokera kumunsi. Pa madigiri 38 ndi 0.62.

Zigumukire zambiri za silabu zimayambira pamitsetse ya madigiri 30 mpaka 45, makamaka cha pa 38. Pansi pa madigiri 30 chokoka chimachepa, ndipo silabu ikathyoka friction imatha kuigwira. Pamwamba pa madigiri 50 chipale chimangoyoyoka pang'onopang'ono chikamagwa, sichipeza mpata wounjikana. Tsoka lake n'lakuti mitsetse ya pakatiyi ndi yomwenso anthu otsetsereka pa ski amaikonda. Komanso kuima pamalo afulati si chitetezo ngati pamwamba pako pali mtsetse wotere. Ophunzira a ku Connaught Creek aja anali pansi m'chigwa, ndipo chipale chinagumuka chokha kutali pamwamba pawo.

Tiyeni tione kukula kwa katunduyo. Tiyerekeze silabu ya mamita 100 m'litali, mamita 100 m'lifupi ndi mita imodzi kuchindikala kwake, yokulirapo pang'ono kuposa bwalo la mpira. Volume yake ndi 10,000 m³. Ngati density yake ndi 250 kg/m³, ndiye kuti ikulemera makilogalamu 2,500,000, omwe ndi matani 2,500. Amenewa ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana 50,000. Chipale chouma chikagumuka chimatha kufika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi ochepa, ndipo zigumukire zikuluzikulu zimapitirira makilomita 200 pa ola. Palibe munthu angathawe zimenezi ndi miyendo.

Munthu mmodzi angagumule bwanji matani 2,500?

Pa ngozi 10 zilizonse zimene zimapha anthu, pafupifupi 9 zimayambitsidwa ndi wogwidwayo kapena mnzake wa pagulu lomwelo. Mwina mukudabwa kuti munthu wa makilogalamu 70 angasunthe bwanji katundu yense uja. Zoona zake n'zakuti iye sakankha silabu. Amangothyola gawo lofooka pa kamalo kakang'ono pansi pa mapazi ake, makamaka pomwe silabu ndi yopyapyala, yosafika mita imodzi.

Taganizirani telala akamang'amba nsalu. Kuikoka ili yathunthu siing'ambika, koma akangodula pang'ono ndi sizasi m'mphepete, amaing'amba yonse ndi manja kamodzi n'kamodzi. Gawo lofooka limachitanso chimodzimodzi. Pomwe lathyoka, silabu imatitimira pang'ono, kulemera kwake n'kusamukira pa timibulu toyandikana nato, nato n'kuthyoka, mng'alu n'kumapitirira. Mng'aluwo umathamanga mamita makumi angapo pa sekondi imodzi, ndipo ukhoza kuyambira pafulati n'kukwera phiri. N'chifukwa chake munthu akhoza kugumula mtsetse umene sanaupondepo n'komwe. Mpweya ukamathawa pansi pa silabu pamamveka kugunda kwapansipansi kumene anthu a kumapiri amakutcha whumpf. Akamva kugunda kumeneku, kapena akaona ming'alu ikuthamanga kuchokera kumapazi awo, amadziwa kuti phiri lawachenjeza.

Silabu ikangoyamba kuyenda, zija tinaphunzira zimaonekera poyera. Friction ya chinthu choyenda imachepa poyerekeza ndi mphamvu imene inkachigwira chili chiimire, ndiye kuti ikanyamuka imangowonjezera liwiro. Zinthu zina zoyambitsa ndi chipale chatsopano chambiri, mphepo, mvula, kufunda kwadzidzidzi, kapena chigamphu cha chipale chogwa kuchokera pamsonga pa phiri. Zija mumaona m'mafilimu zoti munthu akakuwa phiri limagumuka n'zabodza. Mphamvu ya mawu a munthu ndi yochepa kwambiri. Kuti agumule dala, akatswiri amagwiritsa ntchito mabomba. Ku Rogers Pass komweko, asilikali a Canada amaombera mapiri ndi mizinga atatseka msewu waukulu wa Trans-Canada, kuti chipale chigwe pa nthawi imene palibe galimoto.

Kuyeza ngozi

M'maiko amenewa muli akatswiri amene ntchito yawo ndi kulosera zigumukire, monga a bungwe la SLF ku Davos m'dziko la Switzerland. Amayeza mphepo, kutentha ndi kuchuluka kwa chipale, komanso amakumba maenje. M'dzenjemo amadula chipilala cha chipale cha masentimita 30 mbali zonse, n'kuika fosholo pamwamba pake. Kenako amaimenya ndi dzanja, ka 10 mopepuka, ka 10 mwamphamvuko, ka 10 ndi mkono wonse, n'kumaona kuti chipilalacho chithyoka liti, pagawo liti, ndiponso ngati chathyoka mosalala.

Tsiku lililonse amalengeza mlingo wa ngozi, kuyambira 1 mpaka 5. Maiko a ku Ulaya anagwirizana za milingo isanuyi mu 1993. Mlingo 1 ndi ngozi yochepa, mlingo 5 ndi pamene zigumukire zikuluzikulu zimagwa zokha mpaka kumidzi ya m'zigwa. Mukanaganiza kuti anthu ambiri amafa pa 4 ndi 5, eti? Ku Switzerland pafupifupi theka la amene amafa amafa pa mlingo 3. Pa 4 ndi 5 aliyense amaona kuti kunja kwaipa, amakhala pakhomo. Pa 3 dzuwa limakhala likuwala, mitsetse yambiri siigumuka, ndipo munthu akaona mapazi a anzake amene adutsa kale amalimba mtima. Koma gawo lofooka silifanana mphamvu paliponse. Anthu asanu akhoza kudutsa bwinobwino, wachisanu ndi chimodzi n'kuponda pomwe silabu ili yopyapyala.

Ngozi ya ophunzira ija inasintha zinthu ku Canada. Mu 2004 anakhazikitsa bungwe lochenjeza anthu limene lero limatchedwa Avalanche Canada. A Parks Canada, amene amayang'anira malo osungirako zachilengedwe, anagawanso njira za m'mapiri m'magulu atatu malinga ndi kuopsa kwa malowo. Magulu a ana a sukulu saloledwanso kulowa m'malo a gulu lachitatu, ndipo chigwa cha Connaught Creek chili m'gulu limenelo. Nzeru yake n'njakuti chipale chimasintha tsiku ndi tsiku ndipo chimavuta kuchilosera, pomwe kupendekeka kwa phiri sikusintha. Chimene munthu angasankhe motsimikiza ndi malo amene akupondapo.

Mphindi 15

Chigumukire chikaima, chipale chimene chinali chofewa chimauma gwa ngati simenti, chifukwa timibulu taphwanyika n'kutsenderana. Munthu wokwiririka sangasunthe ngakhale mkono. Mpweya ulimo ndithu m'chipalemo, koma amapuma mobwereza mpweya woipa umene watulutsa yekha, ndipo kufunda kwa mpweya wake kumasungunula chipale cha kumaso n'kuundanso kukhala chigoba cha ayezi. Kafukufuku wa ku Switzerland anaonetsa kuti mwa anthu 100 ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, oposa 90 amakhala amoyo. Zikakwana mphindi 35, amoyo amatsala pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Helikopita siingafike msanga chotero, ndiye wopulumutsa munthu ndi mnzake amene ali naye pompo.

N'chifukwa chake aliyense wopita kumapiri akutali amanyamula zinthu zitatu. Choyamba ndi kachipangizo ka wailesi kovala pathupi, kamene kamatumiza mafunde pa 457 kHz. Wina akakwiririka, anzake amasintha tawo kuti tizilandira, n'kumatsatira mafundewo. Chachiwiri ndi ndodo yaitali yolumikiza, yobayira m'chipale kuti apeze pomwe munthu ali. Chachitatu ndi fosholo, pakuti kufukula munthu amene ali mita imodzi pansi kumafuna kuchotsa chipale cha tani imodzi kapena kuposa. Ena amaberekanso chikwama chokhala ndi chibaluni chimene chimafufuma akakoka chingwe. Fizikisi yake mukhoza kuiyesa kunyumba. Thirani mtedza ndi mchenga m'chitini n'kugwedeza, muona mtedza ukukwera pamwamba, chifukwa mchenga umalowa m'mipata ya pansi pake. Chibalunicho chimasandutsa munthu kukhala chinthu chachikulu pakati pa zidutswa zing'onozing'ono. Komabe sichingamuteteze akamenyetsedwa kumtengo kapena kumwala.

Nanga kwathu kuno?

Chipale chofewa tilibe, koma mitsetse tili nayo, ndipo mg sin θ siisankha dziko. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinagumuka paphiri la Soche n'kugwera anthu a ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo zoterezi zinachitikanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Ena mwa inu munataya abale, ndipo sindikulemba izi mopepuka. Makolo athu ngozi yotere ankaitcha napolo. Dothi la paphiri ndi silabu, thanthwe la pansi pake ndi thabwa lija. Madzi akalowa amawonjezera kulemera kwa dothi, komanso amadzaza mipata n'kukankha timibulu ta dothi kuti tisakanikizane zolimba, friction n'kuchepa. Mizu ya mitengo imathandiza kusoka dothi kuti ligwirane, ndipo tikadula mitengo ulusiwo umaola.

Zizindikiro zakenso zimafanana ndi za kumapiri a chipale: ming'alu yatsopano m'nthaka kumtunda kwa nyumba, mitengo kapena mapolo amene ayamba kupendekeka, madzi a mumtsinje amene asintha mwadzidzidzi, ndi kugunda kochokera kuphiri. Mukaona zimenezi mvula ili mkati, auzeni akuluakulu ndipo chokani m'njira ya chigwa, musadikire kuti muone.

Pomaliza, nayi ntchito ya kumapeto kwa sabata. Pezani thabwa, buku kapena njerwa, ndi protractor yanu ya masamu. Kwezani thabwa mpaka chinthucho chitayamba kutsetsereka, n'kulemba madigiri ake. Pa nthawi imeneyo mg sin θ yafanana ndi μ mg cos θ, ndiye kuti μ ndi tan θ. Bwerezani mutawaza shuga kapena mchenga wouma pang'ono, kenako yerekezani mayankho awiriwo. Mubwere nawo Lolemba, makamaka inu amene munafunsa funso lija.